Mphini za agogo, singano yanga

Agogo anga akuchikazi anali ndi mizere itatu pachipumi, yoimirira, yakuda mozilala, ndiponso timadontho pamasaya onse awiri. Ndili mwana kumudzi ku Dedza ndinkayesa anabadwa nazo, monga mmene nkhanga ilili ndi mawanga ake. Tsiku lina tikutongola chimanga pakhonde ndinaika chala pachipumi pawo n'kuwafunsa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mdzukulu wanga, izi ndi mphini. Anatitema tili anamwali, tinalipo anayi, kuseri kwa nkhokwe. Amene analira tinamuseka mpaka anakwatiwa." Anandifotokozera kuti mayi wina wodziwa ntchitoyo ankatsina khungu, n'kulitema ndi lumo, kenako n'kutikitiramo makala osinja osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Zina, anatero akutsitsa mawu, zinali m'malo amene ankawadziwa ndi agogo aamuna okha. Atatero anabwerera ku chimanga chawo, ine ndinadziwa kuti nkhani yathera pomwepo.

Papita zaka zambiri agogo atatisiya. Lero ndili ndi zaka 34, ndimakhala ku Blantyre, ndipo nsima ya ana anga imachokera pa kujambula anthu matatuu. Mizere itatu ija ndinaijambulitsa pamkono wanga wamanzere pamodzi ndi timadontho take. Ndikakwera minibasi ya ku Limbe nditavala malaya a manja aafupi, ndimaona amayi ena akukokera chikwama chawo pachifuwa. Sindiwakwiyira. Anauzidwa kuti munthu wolembalemba thupi ndi wakuba, wachamba, kapena wasataniki, ndipo palibe amene anawauzapo china. Koma nthawi zina ndimayang'ana nkhope yawo n'kumaganiza kuti mwina mayi wawo, kaya agogo awo, anali ndi mizere yomweyi pachipumi.

Chandilembetsa nkhaniyi si chikwama cha mu minibasi. Ndatopa ndi kuona achinyamata akubwera kwa ine ndi mikono yotupa, yochucha mafinya, atabayidwa mumdima ndi munthu amene sanaiphunzire ntchitoyi. Maganizo anga ndi akuti kujambula tatuu ndi ntchito ya manja ngati ukalipentala kapena utelala, koma ndi ntchito yokhudza magazi a munthu. Choncho iyenera kugwiridwa poyera, pamalo odziwika, ndi anthu oyesedwa, motsata malamulo. Tikamaichititsa manyazi siikutha ayi. Ikungosamukira kuseri kwa mashopu ndi m'mahositelo a sukulu, kumene singano imodzi imabaya anthu asanu.

Mlandu woyamba umene ndimapatsidwa ndi wakuti ndatengera zachizungu. Makina ndi achizungudi, sindikana. Amene analembetsa makina oyamba a magetsi ojambulira tatuu ndi Samuel O'Reilly, ku New York mu 1891, potengera cholembera cha magetsi cha Thomas Edison. Koma liwu lenilenilo lakuti tatuu azungu anachita kubwereka. Linachokera ku chilumba cha Tahiti, kumene amati tatau, ndipo linafika ku Ulaya ndi amalinyero a James Cook amene anafika pachilumbacho mu 1769. Mtembo wa munthu wakale uja anautcha Ötzi, umene unapezeka mu 1991 m'madzi oundana m'mapiri a pamalire a Italy ndi Austria, uli ndi zizindikiro 61 pathupi, ndipo mwini wake anafa zaka pafupifupi 5,300 zapitazo. Zambiri ndi timizere tating'onoting'ono pamsana ndi m'mfundo za miyendo, topakidwa mwaye, malo omwewo amene munthu wokalamba amamva kuphwanya. Nditaona zithunzi zake koyamba ndinati, izi ndi mphini za kwa sing'anga basi.

Kuno kwathu, David Livingstone poyenda m'chigwa cha Shire kuyambira 1859 anapeza amayi a Chimang'anja ovala pelele pamlomo, ndipo m'maulendo ake analemba za mitundu ya anthu imene inkadziwika ndi zizindikiro za pakhungu. A Makonde a kumpoto kwa Mozambique anali ndi akatswiri awo otema nkhope ndi chifuwa, anthu olemekezeka amene ankalipidwa pa luso lawo. Amayi a Chichewa ankatemedwa mphini pamimba, m'ntchafu ndi pamsana, ndipo zinkayendera pamodzi ndi mikanda ya m'chiuno pa nkhani za m'banja zimene anankungwi amalangiza. Kufupi ndi kwathu ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006 chifukwa cha zojambula za pamiyala, zina mwa izo za chinamwali chomwecho. Zapamiyalazo timazinyadira, timaperekezako alendo. Zapakhungu la amayi amene anazijambula timachita nazo manyazi. Anzathu a ku New Zealand sanatero. Mu 2020 Nanaia Mahuta anakhala nduna yoona zakunja ya dzikolo ali ndi chizindikiro cha makolo ake a Chimaori pachibwano, ndipo ankakumana ndi atsogoleri a mayiko ali nacho pankhope, osabisa.

Amayi anga alibe mphini yokongoletsa ngakhale imodzi. Anakulira pafupi ndi mishoni, kumene anaphunzitsidwa kuti zimenezo ndi zachikunja, ndipo m'mbadwo umodzi wokha chimene chinali ulemu wa namwali chinasanduka chobisa ndi mpango. Komabe ine ndili ndi timphini tiwiri pachifuwa timene ndinatemedwa ndili khanda, nditadwala chifuwa chosamva mankhwala. Anandibereka kumbuyo kupita kwa sing'anga ndi amayi omwewo, chifukwa cha chikondi ndi mantha a mayi amene mwana wake akubanika usiku. Owerenga ambiri akavula malaya adzapeza tawo, pamsana, padzanja kaya m'mbali mwa maso. Ndiye tisamayankhule ngati kutema khungu ndi kupakamo chinthu chakuda kunabwera ndi ndege.

Mlandu wachiwiri ndi wachipembedzo, ndipo uwu sindiuchepetsa. Ine ndimapemphera. Tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi mkulu wa mpingo wina, munthu amene ndimamulemekeza ngati bambo anga, anandigwira dzanja n'kundikokera pansi pa mtengo. "Mwana wanga, Levitiko 19 vesi 28 unawerenga?" Ndinati, "Ndinawerenga, bambo, ndi vesi 27 yomwe." Vesi imeneyo ikukamba za kametedwe ka tsitsi la m'mbali ndi ndevu, ndipo tonse awiri tinali titameta bwinobwino m'mawa womwewo. Tinakambirana nthawi yaitali, mwaulemu. Ine ndinawauza mmene ndimamvera, kuti lamulolo linkaletsa Aisiraeli kutengera miyambo ya maliro ndi ya mafano ya mitundu yowazungulira. Ndinawauzanso kuti Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt, umodzi mwa mipingo yakale kwambiri mu Africa, amajambulitsa kamtanda padzanja monga umboni wakuti ndi a Khristu. Iwo sanasinthe maganizo, ndipo sindinayembekezere kuti asintha. Mkhristu amene chikumbumtima chake chikumuletsa, asajambulitse. Abale athu Achisilamu ambiri amaphunzitsidwa kuti tatuu ndi yoletsedwa, ndipo sindinayambe ndanyengererapo mmodzi wa iwo. Chimene ndimakana ndi kulumpha kuchoka pa "chipembedzo changa sichilola" kufika pa "uyu ndi wasataniki." M'dziko muno mawu amenewo si ocheza nawo. Anthu agendedwapo chifukwa chongowaganizira zoterezi.

Pali mlandu wachitatu umene uli ndi choonadi chambiri kuposa iwiri ija, wa ndende. Amene anakhalako ku Joni akudziwa za magulu a m'ndende za ku South Africa otchedwa 26, 27 ndi 28, amene amadzilemba manambala ndi zizindikiro zosonyeza gulu ndi udindo wa munthu. Wapolisi akaona nambala zoterozo pamkono amadziwa amene akuyankhula naye. Mbiri imeneyi inatsatira anthu obwerera kumudzi, ndipo kwa zaka zambiri tatuu imene munthu wamba ankaiona inali yopindikapindika, yobiriwira, pamkono wa munthu amene wangotuluka kumene. Mantha a amayi a mu minibasi aja ali ndi kochokera. Koma anthu amene amakhala pampando wanga masiku ano ndi anamwino, aphunzitsi, oyendetsa mathiraki, osewera mpira, ogwira ntchito kubanki amene amavala jekete tsiku lonse.

Ntchitoyi ndinaiphunzirira ku Johannesburg, kumene ndinapita ngati anyamata anzanga ambiri, kukasaka chilichonse. Ndinayamba ndi kukolopa mu shopu ina ya matatuu. Mwini wake, bambo wachikulire wosakonda zoyankhulayankhula, anandipeza tsiku lina ndikujambula pa katoni nthawi ya nkhomaliro. Anayang'anitsitsa, n'kundipatsa pepala ndi pensulo, n'kundiuza kuti ndijambule mzere wowongoka kambirimbiri mpaka pepala lidzaze. Chaka chathunthu sindinakhudze khungu la munthu. Ndinkatsuka zipangizo, kukulunga mipando ndi pulasitiki, kukopera zithunzi papepala lomatira pakhungu, ndi kuyeserera pa malalanje ndi pachikopa cha nkhumba chochokera kubutchala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha chifukwa ndinalibe kwina kopita. Tsiku limene anandilola kugwira makina pa munthu, munthuyo ndinali ine ndemwe, pantchafu yanga. Anati ndiyambe ndamva ndekha ululu umene ndikufuna kumapatsa anthu, ndiponso ndione ndi maso anga mmene bala langa lipolere. Kanthu kameneko kakadalipo, kadzuwa kakang'ono kopendekera mbali imodzi, ndipo ndimakaonetsa kwa aliyense wofuna kuphunzira kwa ine kuti adziwe poyambira.

Chimene ndinaphunzira kumeneko, choposa kujambula, ndi khungu. Khungu la pamwamba limafundula mosalekeza, moti pakatha mwezi umodzi limakhala lasinthika. Inki ikathera pamenepo imachoka nalo. Iyenera kulowa mpaka gawo lachiwiri, kuya kwa milimita imodzi kapena ziwiri, osapitirira. Ukazamitsa singano, inki imamwazikana pansi ngati yagwera papepala lonyowa, magazi amachuluka, ndipo pamatsala chipsera. Ikafika pamalo ake, asilikali a m'thupi amathamangira kudzaimeza ngati mdani, koma timibulu take n'tatikulu kwa iwo, ndiye amangokhala nato pomwepo. N'chifukwa chake tatuu siichoka. Pang'ono pokha pamatengedwa n'kukaunjikana m'timabere ta m'khwapa kapena m'mphechepeche, tija timatupa tikati mwanabere. Ndiye amene amaika m'thupi mwake inki ya bolopeni, kapena mwaye wa tayala lootcha, adziwe kuti zimenezo sizithera pamkono.

Khungu lathu lakuda lili ndi malamulo akeake, ndipo apa ndi pamene ojambula ambiri ongophunzira pa YouTube amaononga anthu. Inki imakhala pansi pa mtundu wa khungu, choncho munthu amaiona ngati kudzera pagalasi lakuda la galimoto. Mtsikana amabwera ndi chithunzi cha pa Instagram, duwa lachikasu ndi lapinki padzanja loyera, n'kunena kuti akufuna chomwecho. Tsiku loyamba chimaoneka bwino chifukwa khungu n'lotseguka. Likapola, chikasu chija chimazimirira, timizere topanikizana timagundana, ndipo pakatha zaka ziwiri pamangokhala chibanga. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Khungu lathu limafuna mizere yolimba, yakuda, yotalikirana, yosiya khungu lenilenilo kuti likhale kuwala kwa chithunzi. Agogo aja ankazidziwa izi popanda sukulu: mizere itatu, mipata pakati pake, ndipo inaonekabe mpaka tsiku lawo lomaliza.

Chinanso, anthu akuda ambiri timatuluka zipsera zofufuma, zija zimakula kupitirira bala lenilenilo, kawirikawiri pachifuwa, pamapewa ndi kukhutu. Ndisanayatse makina ndimafunsa ngati munthu anabooletsapo khutu n'kutuluka chotupa, ndipo ndimapempha kuona chipsera chakale. Ndikaona chofufuma ndimamubweza. Ena amachoka atakwiya, n'kupita kwa wina amene safunsa.

Tsopano ndinene za mnyamata amene wandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Linali Loweruka m'mawa ndikutsegula, pamene amayi ena analowa akukoka mwana wawo padzanja, mnyamata wa Fomu 3. "Achimwene, ndinu amene mwandionongera mwana?" Ndinati, "Pepani mayi, khalani pansi kaye, ndimuone." Atapinda malaya, mkono unali wotupa kuyambira pachigongono, wotentha, wonunkha, ndipo mwanayo ankanjenjemera ndi kutentha thupi. Pakati pa mafinyawo pankaoneka zilembo zitatu. Anaulula kuti anajambulana ndi anzake anayi kusukulu, ndi singano yosokera yomangirira ku bolopeni ndi ulusi, n'kumaiviika mu inki ya bolopeni yomweyo. Singano inali imodzi. Ankaiwaula ndi machesi akamachoka kwa wina kupita kwa mnzake, nthawi zina osaiwaula n'komwe. Anabisa balalo masiku asanu ndi anayi, atavala juzi m'nyengo yotentha, chifukwa ankaopa kukwapulidwa kuposa mmene ankaopera kudulidwa mkono.

Ndinawauza amayiwo kuti apa si pa ine, athamange naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo akakafika akanene zonse osabisa, makamaka za singano imodzi ija, kuti akamuyeze magazi. Ndinawapemphanso kuti akauze makolo a anzake aja. Anatuluka osatsanzika. Ndinakhala pampando nthawi yaitali ndisanayambe ntchito, chifukwa ndinkawerengera masiku. Mankhwala oteteza munthu ku kachilombo ka HIV atabayidwa ndi singano yokayikitsa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mwana uja anataya masiku asanu ndi anayi chifukwa cha manyazi amene ife akuluakulu tinamuphunzitsa.

Tonse tinaphunzira kuopa HIV, ndipo uthenga wakuti lumo limodzi lisateme anthu awiri unafika mpaka kwa asing'anga ndi angaliba. Koma pa ntchito yangayi chimene ndimachiopa kwambiri ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Kachilombo kake kamapatsirana mosavuta kuposa ka HIV, ndipo kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma, patebulo kapena pachogwirira makina, kwa masiku asanu ndi awiri kapena kuposa. Munthu amatha kukhala nako zaka zambiri osadziwa, chiwindi chikuonongeka pang'onopang'ono. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kutanthauza kuti ambiri a ife amene tinabadwa chaka chimenecho chisanafike sitinalandire tili ana. Ine ndinachita kukabayitsa ndili wamkulu. Kupukuta singano ndi sipiriti sikukwanira, kuiwaula pamoto sikukwanira, ngakhale kuiwiritsa mu poto si chitsimikizo. Chitsulo chogwiritsidwanso ntchito chimafuna makina a nthunzi yopanikizidwa otchedwa autoclave, amene amafika madigiri 121. Ine ndinasankha njira yachidule: singano iliyonse imabwera yomata m'paketi yake, ndimaitsegula kasitomala akuona, ndipo ndikamaliza imalowa m'bokosi lachikasu limene ndimakapereka kuti likawotchedwe pamodzi ndi zinyalala za chipatala. Inki ndimathira m'kakapu kakang'ono ka munthu mmodzi, yotsala ndimataya. Magolovesi ndimasintha ndikangokhudza foni kapena chitseko. Zonsezi zimadya ndalama, makamaka pamene katundu yense ndi woitanitsa kunja, ndipo ndi chifukwa chake mtengo wanga sungafanane ndi wa mnyamata wa kuseri kwa msika.

Chitsegulireni malo anga, palibe munthu waudindo amene anabwerapo kudzandifunsa kumene ndimataya singano zanga. Za chiphaso cha bizinesi ndafunsidwapo kangapo. Za magazi, ayi. Ndikanakhala wosasamala, palibe akanadziwa mpaka wina atadwala. Ndiye ine, mwini ntchito, ndikupempha kuti mutiyendere. Makhonsolo alembe malo onse ojambulira matatuu ndi oboolera makutu, ndipo alangizi a zaumoyo aziwayendera monga amachitira ndi malo odyera ndi mabutchala. Unduna wa Zaumoyo ukonze maphunziro aafupi a kapewedwe ka matenda oyenda m'magazi, ndipo munthu asaloledwe kugwira singano alibe pepala losonyeza kuti anaphunzira ndiponso anabayitsa katemera wa chiwindi. Bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro a ntchito za manja, lingathe kuiika ntchitoyi pambali pa zokonza tsitsi ndi zokongoletsa thupi. A Malawi Bureau of Standards aziona inki imene ikulowa m'dziko, popeza mayiko a European Union anakhwimitsa malamulo a mankhwala opezeka mu inki kuyambira Januwale 2022, ndipo katundu wokanidwa kwina amakonda kudzathera m'misika ngati yathu.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti njira yabwino ndi kungoletsa. Dziko la South Korea linayesa zofanana ndi zimenezo. Mu 1992 khoti lalikulu kumeneko linagamula kuti kujambula tatuu ndi ntchito ya madokotala okha. Kwa zaka zoposa 30 matatuu sanathe, m'malo mwake anachuluka, ndipo ojambula ankagwira ntchito m'zipinda zopanda chikwangwani, kumene woyendera zaumoyo sakanafika. Mu 2025 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza lamulo lopereka ziphaso kwa ojambula. Choyenera kuletsedwa kotheratu ndi kujambula ana. Ku Britain lamulo loletsa kujambula tatuu munthu wosakwana zaka 18 lilipo kuyambira 1969. Ife mu 2017 tinasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Tingopitiriza pamenepo, tinene momveka kuti wobaya mwana singano ya tatuu ali ndi mlandu, ngakhale mwanayo atapempha yekha.

Pamene tikudikira malamulo, ine ndili ndi anga. Wopanda chitupa cha unzika chosonyeza zaka sindimujambula. Woledzera sindimujambula, chifukwa mowa umachulukitsa magazi pabala ndiponso amene wasankha chithunzicho si iye, ndi mowawo. Mnyamata amene akusakabe ntchito akandipempha kuti ndimulembe pakhosi kapena pankhope, ndimamuuza kuti, "Aphwanga, dziko lino silinasinthe, ku intavyu akakuona khosi asanaone satifiketi," ndipo ndimamupempha tiike pamene malaya amaphimba. Dzina la chibwenzi ndimayesetsa kukana. Ntchito yambiri imene ndimagwira ndi yophimba mayina a anthu amene anasiyana, ndipo kuti dzina liphimbike pamafunika chithunzi chachikulu ndi chakuda kuposa loyambalo. Kufufuta ndi makina a laser kumafuna maulendo ambiri, ndalama zambiri, kumapweteka, ndipo pakhungu lakuda kumatha kusiya zigamba zoyera. Ndimauza aliyense kuti apite kunyumba akagone nalo ganizolo sabata imodzi. Ambiri sabweranso, ndipo sindidandaula.

Kwa makolo ndili ndi pempho limodzi. Mwana wanu akakuuzani kuti akufuna tatuu, mukanizeni ngati mukufuna kumukaniza, ndi ufulu wanu, koma musatseke khomo moti akavulala aziopa kukuuzani. Ndipo inu akuluakulu amene mwatsimikiza mtima, musachite manyazi kufunsa. Muuzeni wojambulayo atsegule singano inu mukuona. Yang'anani ngati pali madzi ndi sopo, ngati wavala magolovesi atsopano, ngati inki wathira m'kakapu kanu kanokha. Mupempheni zithunzi za ntchito yake itapola, pakhungu lofanana ndi lanu, osati zojambulidwa tsiku lomwelo. Akakwiya ndi mafunso anu, nyamukani. Mukajambulitsa, balalo muzilitsuka ndi sopo wosanunkhira, osalikanda likamayabwa, osatong'ola nkhanambo, osasambira m'nyanja kapena kuliika padzuwa kwa masabata awiri kapena anayi. Likayamba kutupa mopitirira, kutentha, kapena inu kumva malungo, pitani kuchipatala, osati kwa ine.

Mwezi wathawu kunabwera amayi ena a zaka za m'ma 50, atavala chitenje ndi duku, ataphatika kope la sukulu pachifuwa. Anaima pakhomo kanthawi ngati asochera. Nditawalonjera anati, "Mwana wanga, sindinalowepo malo ngati ano, undikhululukire ngati sindidziwa kafunsidwe kake." Anatsegula kopelo. Linali la mwana wawo wamkazi amene anamwalira ali Sitandade 2, zaka zambiri zapitazo. Patsamba lina mwanayo analemba ndi pensulo liwu limodzi lakuti Amayi, zilembo zokwera ndi zotsika, y yake yoyang'ana kumbuyo. Pensuloyo inali itayamba kuzilala, pepala likung'ambika m'mapindiro. Anati akufuna liwu limenelo mkati mwa mkono, pafupi ndi mtima, pamene bulauzi imaphimba, kuti asafunsidwe ndi a kumvano.

Ndinawauza za sabata imodzi ija. Anati aganiza zaka khumi ndi zisanu, sabata ina ya chiyani. Ndinawafunsa za shuga, za mankhwala amene akumwa, za zipsera zakale, ndipo zonse zinali bwino. Ndinakopera zilembozo mmene zinalili, osawongola ngakhale chimodzi, ndinangozikulitsa pang'ono kuti mizere isadzagundane. Singano itayamba kulira anatseka maso, koma sanasunthe mkono. Pakati pa ntchito anatsegula maso n'kuyang'ana mkono wanga wamanzere, umene unali utagwira wawo.

"Mizere iyi waitenga kuti?"

"Ndi ya agogo anga, mayi. A ku Dedza."

"Amayi anga anali nayo. Ife kwathu ndi ku Ntcheu, kumalire." Anakhala chete pang'ono. "Iwo anati sanalire."

Ntchito yonse inatenga mphindi makumi awiri. Ndinapukuta, n'kuwapatsa galasi, ndipo anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako ndinamata balalo, ndinawalembera papepala kasamalidwe kake, iwo anabweza kope lija m'jumbo n'kulikulunga kawiri. Anandifunsa kumene angakwerere minibasi ya ku Chilomoni, ndipo ndinavula magolovesi n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.